Kupita ku Montenegro ndi chiphaso cha ku Poland: viza sifunika, koma masiku amawerengedwa

Chilimwe chikafika ku Poland, mabanja ambiri amalozetsa galimoto kum'mwera kukafuna nyanja yofunda. Kwa zaka zambiri ulendowu unkathera ku Croatia. Masiku ano ambiri akumapitirira, kudutsa Dubrovnik mpaka kukalowa m'kadziko kamene anthu a ku Poland amakatcha Czarnogóra, eni ake amati Crna Gora, ndipo pa mapu ambiri kamalembedwa kuti Montenegro. Mayina onsewa akutanthauza chinthu chimodzi: phiri lakuda. Ndi kadziko ka masikweya kilomita 13,812, kosafika ngakhale theka la nyanja ya Malawi, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 620,000. Kanadziyimira pakokha mu Juni 2006, katasiyana ndi Serbia.

Nzika ya Poland sifunika viza kuti ilowe m'dzikoli, ndipo anthu ambiri akangomva zimenezo amaona ngati nkhani yatha. Chimene chimawasokoneza n'chakuti ku Montenegro amagwiritsa ntchito ndalama ya euro, ndiye munthu amadzimva ngati akadali mu European Union (EU). Dzikoli linatenga euro palokha mu 2002. Linayamba zokambirana zolowa mu EU mu 2012, koma silinalowebe, ndiponso silili m'gulu la Schengen, mayiko a ku Ulaya amene anthu amawoloka malire a pakati pawo osaima pachipata. Choncho pali chipata chenicheni, pali apolisi a m'malire amene amalemba tsiku limene mwalowa, ndipo pali udindo wina umene umakudikirani mukangofika komwe mukagone. Malangizo awa ndawalemba motsatira mmene ulendo umayendera, kuyambira panyumba mpaka pobwerera. Akukhudza aliyense wokhala ndi unzika wa Poland, kaya anabadwira ku Kraków kaya anautenga atakula, komanso ana a m'mabanja amene kholo limodzi lokha ndilo nzika.

Gawo 1: Werengani masiku, kenako sankhani chiphaso

Pali zikalata ziwiri zimene mungalowere nazo, ndipo sizipereka masiku ofanana.

Chitupa cha unzika, chimene ku Poland amati dowód osobisty, chimakulolani kukhala masiku osapitirira 30. Pasipoti imakulolani masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Kusiyana kumeneku ndiko kumagwetsa anthu, chifukwa m'mayiko a EU chitupa ndi pasipoti zimagwira ntchito mofanana, ndiye munthu amangotola chimene chili pafupi.

Tsiku lolowera muziliwerenga ngati loyamba. Mukalowa ndi chitupa pa 1 Julayi, tsiku lanu lomaliza ndi pa 30 Julayi, osati pa 1 Ogasiti monga mmene munthu angaganizire akamanena kuti "mwezi umodzi". Mukalowa ndi pasipoti pa 1 Juni, masiku 90 amatha pa 29 Ogasiti. Ndipo malire a masiku 180 aja amatanthauza kuti kutuluka kukadya nkhomaliro ku Albania n'kubwerera madzulo sikuyambitsanso kuwerenga. Masiku onse amene munakhalamo m'miyezi 6 yapitayo amaphatikizidwa.

Kwa wopita kutchuthi cha masabata awiri ku Budva kapena ku Herceg Novi, chitupa chikukwanira. Komabe ine ndimalangiza kuti amene ali ndi pasipoti ayitenge ndipo aonetse imeneyo pachipata. Munthu amatha kudwala, galimoto imatha kuwonongeka n'kudikira chitsulo chochokera kutali, ndipo masiku 30 amatha msanga kuposa mmene munaganizira. Chikalata chimene mwaonetsa polowa ndicho chimalembedwa m'kompyuta yawo. Kukhala ndi pasipoti pansi pa chikwama pamene munalowa ndi chitupa sikukuwonjezerani masiku. Potuluka muonetsenso chomwecho chimene munalowera.

Gawo 2: Chiphasocho chikhale chenicheni, ndipo chikhale ndi moyo

Ku Poland anthu azolowera pulogalamu ya pafoni ya mObywatel. Chitupa cha m'foni chimenechi chimalandiridwa m'maofesi ndi m'mabanki a m'dzikomo, moti ena sadziwanso komwe anaika khadi lenileni. Pa malire a dziko sichigwira ntchito. Wapolisi wa pachipata amafuna khadi la pulasitiki kapena kabuku ka pasipoti m'manja mwake. Chithunzi cha pasipoti, fotokope, laisensi yoyendetsera galimoto, chitupa cha kusukulu, zonsezi siziloleza munthu kuwoloka.

Yang'anani tsiku lothera ntchito kukadali mwezi ndi theka kuti munyamuke. Chitupa ndi pasipoti za akuluakulu zimakhala zaka 10, koma za ana osakwana zaka 12 zimakhala zaka 5 zokha, ndipo za ana ndizo zimaiwalika kawirikawiri. Kupangitsa chatsopano kumatha kutenga masiku 30, ndipo m'miyezi ya Meyi ndi Juni mizere imatalika. Chitupa chimaperekedwa kwaulere ku ofesi ya gmina, khonsolo ya m'dera lanu, pamene pasipoti imalipiridwa ndipo imafunsidwa ku ofesi ya chigawo. Ndi bwino kuti chiphaso chanu chikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera pa tsiku limene mukufuna kutuluka m'Montenegro. Khadi losweka kapena pasipoti yonyowa n'kufufutika ingokonzetsani, musayese mwayi.

Ngati mwazindikira mochedwa, pali pasipoti yongoyembekezera, paszport tymczasowy. Kuyambira mu 2023 imaperekedwa ngakhale pabwalo la ndege la Chopin ku Warsaw kwa munthu amene ali ndi tikiti m'manja, ndipo mabwalo ena akuluakulu anatsatira. Imapulumutsa ulendo, koma muyenera kufika msanga kwambiri pabwalopo.

Mwana aliyense, ngakhale khanda la miyezi iwiri, ayenera kukhala ndi chiphaso chakechake. Mwana akamayenda ndi kholo limodzi, agogo, azakhali kapena aphunzitsi, nyamulani kalata ya chilolezo yosainidwa ndi kholo limene latsala, yotsimikizidwa ndi notariusz (loya wotsimikizira zikalata), makamaka yomasuliridwanso m'Chingelezi. Nthawi zambiri safunsa. Koma pamene dzina la bambo la mwana likusiyana ndi la mayi ake, kapena khungu la mwana likusiyana ndi la womuperekeza, mafunso amabwera, ndipo kalata imeneyi pamodzi ndi chikalata cha kubadwa zimathetsa nkhaniyo m'mphindi zochepa.

Amene muli ndi unzika wa mayiko awiri, potuluka ndi polowa m'Poland lamulo limafuna kuti muonetse chiphaso cha ku Poland. Chigwiritseni ntchito ulendo wonse.

Gawo 3: Ngati wina m'banjamo si nzika ya Poland

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa ufulu wolowa popanda viza umatsata pasipoti ya munthu payekha, sutsata ukwati. Mkazi kapena mwamuna wa nzika ya Poland amene akadali ndi pasipoti ya kwawo amaweruzidwa potengera pasipoti imeneyo.

Malamulo a Montenegro akhala akulola munthu wokhala ndi viza ya Schengen yomwe ikugwira ntchito, kapena chilolezo chokhala m'dziko la Schengen monga karta pobytu ya ku Poland, kulowa ndi kukhala masiku osapitirira 30, ndipo osapyola tsiku limene viza kapena chilolezocho chikutha. Munthu wotere amaonetsa pasipoti ndi khadilo limodzi. Popeza dzikoli likusintha malamulo ake a viza kuti agwirizane ndi a EU, lemberani ofesi ya kazembe wa Montenegro ku Warsaw musanagule tikiti, yankho lawo mulisindikize papepala.

Zinthu ziwiri zimawononga maulendo a mabanja otere. China ndi viza ya Schengen yolowera kamodzi kokha: mukangotuluka ku Croatia kulowa m'Montenegro yatha ntchito, ndipo simungabwererenso nayo. China ndi chidindo chimene ofesi ya wojewoda, mkulu wa chigawo, imaika m'pasipoti munthu akamadikira khadi latsopano. Chidindocho chimakulolani kukhala m'Poland, koma si chikalata choyendera kumayiko ena. Amene akudikira khadi adikire kaye, nyanja sithawa.

Gawo 4: Sankhani njira, konzani mapepala a galimoto

Wa pandege amatera ku Podgorica, likulu la dzikolo, kapena ku Tivat m'mphepete mwa nyanja. Ena amatera ku Dubrovnik n'kukwera basi kapena kubwereka galimoto. Ngati mwabwereka galimoto ku Croatia, auzeni eni ake kuti mukuwoloka nayo malire, akulembereni chilolezo. Palinso sitima ya pamtunda yochokera ku Belgrade kupita ku Bar, njanji ya makilomita 476 imene inatsegulidwa mu 1976. Apolisi amakwera m'sitimamo kudzaona ziphaso cha ku Bijelo Polje.

Ambiri a ku Poland amapita pagalimoto yawo. Njira imodzi imadutsa ku Hungary ndi Serbia n'kulowera pa Dobrakovo kapena pa Ranče. Ina imadutsa m'Bosnia ndi Herzegovina n'kulowera pa Šćepan Polje, Vraćenovići kapena Sitnica. Yachitatu imatsata gombe la Croatia mpaka pa Debeli Brijeg, chipata chimene mbali ya Croatia chimatchedwa Karasovići. Chiyambire Julayi 2022 mlatho wa Pelješac umalola munthu kufika ku Dubrovnik osadutsa kachigawo ka Bosnia ka ku Neum, ndiye zipata ziwiri zinachoka panjira. Serbia, Bosnia ndi Albania nawonso amalandira chitupa cha unzika cha ku Poland.

Croatia inalowa mu Schengen pa 1 Januwale 2023. Kwa wochokera ku Poland izi zikutanthauza kuti amatha kuyenda makilomita oposa 1,000 osaima pachipata chilichonse, kenako mzere wonse umadzamupeza pa Debeli Brijeg. Loweruka la mu Julayi kapena Ogasiti munthu amatha kuimapo maola angapo padzuwa. Fikanipo mbandakucha kapena usiku, ndipo m'galimoto mukhale madzi akumwa. Pafupi pomwepo pali chipata chaching'ono cha Kobila chimene nthawi zina chimakhala ndi mzere waufupi.

Tsopano mapepala. Ku Poland kuyambira mu Okutobala 2018 dalaivala safunikanso kunyamula bulubuku wa galimoto, dowód rejestracyjny, ndipo kuyambira mu Disembala 2020 safunikanso kunyamula laisensi, popeza apolisi amaona zonse pakompyuta. Ufulu umenewu umathera pa malire a Poland. Kunja muyenera kukhala ndi laisensi yeniyeni, bulubuku weniweni ndi umboni wa inshuwalansi ya OC, yokakamiza ija yolipira anthu ena amene mwawaonongera pangozi. Laisensi ya ku Poland imalandiridwa ku Montenegro. Khadi lobiriwira la inshuwalansi, Zielona Karta, linasiya kufunika kumeneko mu Ogasiti 2021, koma litengenibe kwa a inshuwalansi anu, makamaka ngati mukuganiza zodumphira ku Albania komwe likufunikabe. Galimoto ikakhala ya kuntchito, ya lizing'i kapena ya m'bale, tengani kalata ya mwini wake yokulolani kutuluka nayo m'dziko. Funsaninso ngati inshuwalansi yanu ya AC (yolipira kuwonongeka kwa galimoto yanu) ndi ya kukokedwa panjira ikufika ku Montenegro, chifukwa zambiri zimalekezera m'mayiko a EU.

Pamsewu, nyali zakutsogolo zimayaka usana wonse monga ku Poland. Liwiro ndi makilomita 50 pa ola m'tauni ndi 80 kunja kwa tauni. Muyeso wa mowa m'magazi ndi 0.3, wongokwera pang'ono pa 0.2 wa ku Poland, kutanthauza kuti woyendetsa asamwe. Kuyambira pa 15 Novembala mpaka kumapeto kwa Malichi pamafunika matayala a nyengo yozizira. Mumalipira ndalama pang'ono pa ngalande ya Sozina yopita kunyanja, pa msewu watsopano wa makilomita 41 wochoka ku Smokovac kukafika ku Mateševo, ndi pa chombo chowolotsa magalimoto pakati pa Kamenari ndi Lepetane.

Gawo 5: Pachipata

Apa sipachedwa ngati zonse zili m'malo. Perekani ziphaso za anthu onse a m'galimoto pamodzi ndi bulubuku. Angakufunseni komwe mukupita ndi masiku amene mukhale, choncho adiresi ya malo ogona ikhale pafupi, papepala kapena pachithunzi cha m'foni chosafuna intaneti. Pasipoti nthawi zambiri amaidinda, muone kuti deti lake n'lolondola musanachoke pawindo. Chitupa sichidindidwa, ndiye sungani nokha umboni wa tsiku lolowera, monga tikiti ya ndege kapena lisiti la mafuta.

Ndalama zokwana 10,000 euro kapena kuposerapo ziyenera kuululidwa kwa a kasitomu, potuluka mu EU komanso polowa m'Montenegro. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku akhale m'mabokosi ake, ndipo ngati ndi amphamvu, monga ogonetsa kapena opha ululu waukulu, pakhale kalata ya dokotala.

Gawo 6: Lembetsani pasanathe maola 24

Gawo limene ndikufuna mulisunge kwambiri ndi ili. Lamulo la Montenegro lokhudza alendo limafuna kuti mlendo aliyense alembetsedwe komwe akugona pasanathe maola 24 chilowereni m'dzikomo. Eni dziko amati prijava boravka, ndipo achikulire amatchulabe bijeli karton, kutanthauza khadi loyera limene apolisi ankapereka kale. Kulembetsaku kumayendera limodzi ndi msonkho wa alendo, boravišna taksa, umene m'matauni a m'mphepete mwa nyanja umakhala cha m'ma 1 euro patsiku kwa munthu wamkulu. Ana osakwana zaka 12 salipira, ndipo a zaka 12 mpaka 18 amalipira theka.

Mukagona kuhotela, kuhositelo kapena pakampu yovomerezeka, ntchitoyi ndi yawo. Amatenga chiphaso chanu polandira alendo, amakulembetsani pakompyuta, ndipo msonkho amauika pa bilu. Inu mungopempha umboni.

Vuto limabwera m'nyumba za anthu, zimene ndizo alendo a ku Poland amakonda chifukwa n'zotchipa ndipo banja limadziphikira. M'mphepete mwa misewu ya ku Sutomore, Bar ndi Ulcinj mumaona zikwangwani zolembedwa sobe kapena apartmani, kutanthauza zipinda ndi nyumba zobwereketsa. Mwalamulo mwini nyumba ndiye ayenera kukulembetsani. Ambiri amachitadi zimenezo. Ena salembetsa alendo awo chifukwa nyumbayo siinalembetsedwe kuboma ndipo akuzemba msonkho, ena amangoiwala chifukwa alendo achuluka. Amakulandirani bwino, kapu ya khofi ndi nkhuyu za pamtengo, n'kukuuzani kuti nema problema, palibe vuto. Koma tsiku lotuluka, wapolisi akayang'ana m'kompyuta n'kupeza kuti mwakhala masiku 12 osaoneka paliponse, amene waima pawindo ndi inu, mwini nyumba ali kwawo. Chindapusa chimatha kufika ma euro mazana angapo. Sikuti aliyense amafufuzidwa, ndipo mudzakumana ndi anthu okuuzani kuti apitako kasanu osalembetsa. Ine sindingaike tchuthi cha banja lonse pa mwayi woterewu pofuna kupulumutsa theka la ola.

Chitani motere. Musanalipire nyumba pa intaneti, mulembereni mwini wake funso limodzi: kodi mudzatilembetsa ndinu, ndipo msonkho wa alendo uli mumtengowu? Mukafika, m'patseni ziphaso kuti alembe kapena ajambule, koma musazisiye kwa iye usiku wonse. Mawa lake m'mawa pemphani kapepala kotsimikizira. Akayamba kuzengereza, musakangane naye. M'funseni dzina lake lonse ndi adiresi ya nyumbayo, tengani ziphaso za onse, pitani ku ofesi ya zokopa alendo ya m'tauniyo, turistička organizacija. M'matauni a kunyanja timaofesi timeneti tili paliponse, ndipo m'chilimwe timatsegula mpaka madzulo. Mumanena tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka, mumalipira msonkho wa masiku onsewo, amakupatsani lisiti. M'malo ena amakutumizani kukalipira kupositi kapena kubanki n'kubwera ndi umboni. Kumene kulibe ofesi yotere, pitani kupolisi. Munthu mmodzi akhoza kupita ndi ziphaso za banja lonse.

Lisitilo lijambuleni pafoni, lenilenilo muliike m'pasipoti mpaka mutatuluka m'dzikomo.

Kulembetsa kumatsata malo. Mukagona masiku 5 ku Kotor kenako n'kukwera kumapiri a Durmitor kukagona ku Žabljak, kumenekonso muyenera kulembetsedwa mwatsopano. Mukawonjezera masiku pa amene munanena, bwererani ku ofesi akasinthe deti ndipo mulipire otsalawo. Wogona kwa mnzake kapena kwa achibale sakhululukidwa, ayenera kupita ndi womusungayo kapena ndi adiresi yake kukalembetsa. Oyenda ndi galimoto yogonamo amene saima pakampu yovomerezeka adzilembetse okha. Amene sizimukhudza ndi wongodutsa kapena wobwera kudzaona Kotor kwa tsiku limodzi kuchokera ku Dubrovnik n'kubwerera madzulo.

Gawo 7: Chipatala, foni ndi ndalama

Khadi la chipatala la EKUZ limene bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo ku Poland, NFZ, limapereka ndi la m'mayiko a EU ndi ena ochepa ogwirizana nawo. Musalidalire ku Montenegro. Gulani inshuwalansi ya paulendo yolipira chipatala komanso kukubwezani ku Poland ngati mwavulala kwambiri. Werengani bwino ngati ikukhudza zimene mukukachita. Anthu amapita kukapalasa mabwato m'chigwa cha mtsinje wa Tara ndi kukwera Bobotov Kuk, phiri lotalika mamita 2,523, ndipo inshuwalansi yotchipa kwambiri nthawi zambiri imakana ngozi za masewera otere. Imakananso ngozi imene yachitika munthu atamwa, pokhapokha mutawonjezera ndime yake. Nambala ya ngozi ndi 112. Apolisi ndi 122, ozimitsa moto 123, ambulansi 124.

Foni nayo imaluma. Lamulo la EU loti muziimba ndi kugwiritsa ntchito intaneti pa mtengo wa kunyumba silinapangidwire Montenegro, choncho funsani kampani yanu mtengo wake ndipo zimitsani data musanafike pachipata. Foni imatha kugwira netiweki ya tsidya lina mukadali pamzere ku Croatia. Makampani atatu a kumeneko, Crnogorski Telekom, One ndi m:tel, amagulitsa makadi a alendo okhala ndi bandulo yaikulu, pabwalo la ndege ndi m'timashopu ta nyuzipepala. Pogula amafuna chiphaso.

Ndalama za złoty zisintheni musananyamuke. Makadi a kubanki amagwira ntchito m'mashopu akuluakulu ndi pothira mafuta, koma msonkho wa alendo, poimika galimoto, pamsika ndi nyumba za anthu zimafuna ndalama ya m'manja.

Chotsiriza pa gawoli: unduna wa zakunja wa Poland uli ndi kaundula wa apaulendo wotchedwa Odyseusz. Kulembetsamo n'kwaulere, ndipo kukabuka moto wa m'nkhalango kapena chivomezi, akazembe amadziwa kuti muli kumeneko. Gombe limeneli linagwedezeka koopsa mu Epulo 1979, ndipo moto wolusa umabuka pafupifupi chilimwe chilichonse.

Gawo 8: Chiphaso chikatayika, kapena mukafuna kukhalitsa

Pitani kupolisi yapafupi mukanene, akupatseni kalata. Ndi kalatayo pitani ku ofesi ya kazembe wa Poland ku Podgorica, komwe konsulo angakupatseni pasipoti yongoyembekezera yobwererera kunyumba. Imbani kaye foni musananyamuke kuti mudziwe maola awo ndi ndalama yofunika. Apa ndi pamene kunyamula zikalata ziwiri kumathandiza. Pasipoti itsale yokhomeredwa kunyumba yogona, chitupa chikhale m'thumba, ndipo zisakhale m'chikwama chimodzi pagombe.

Masiku 30 kapena 90 aja ndi a kucheza ndi kuona malo. Salola munthu kulembedwa ntchito. Nzika ya Poland imatha kukagwira ntchito ku Berlin kapena ku Split popanda chilolezo, koma ku Budva iyenera kukhala ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito chochokera ku unduna wa zam'dziko. Amene akufuna kukhala kupitirira masiku 90, kaya chifukwa cha ntchito, sukulu, ukwati kapena nyumba imene anagula, apemphe chilolezo chokhala masiku ake asanathe. Kupyoletsa masiku kumabweretsa chindapusa, ndipo munthu akhoza kuletsedwa kulowanso kwa kanthawi.

Gawo 9: Pobwerera

Mukamachoka ku Montenegro kulowa ku Croatia kapena kutera ku Warsaw, mukulowa mu EU kuchokera kunja, ndiye malamulo a kasitomu amagwira ntchito onse. Munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo amaloledwa lita imodzi ya mowa waukali monga rakija, kachasu wawo wa mphesa ndi maula, malita 4 a vinyo monga Vranac, ndi malita 16 a mowa wamba. Ndudu ndi 200 kwa wobwera pandege, koma pamtunda Croatia ndi Poland amalola 40 zokha, mapaketi awiri. Katundu wina asapose 430 euro pandege kapena 300 euro pamtunda.

Chowawa ndi nyama ndi tchizi. Mudzi wa Njeguši, pamwamba pa Kotor panjira yopita ku Cetinje, umadziwika ndi pršut, nyama ya nkhumba yofutsa ndi utsi, ndi tchizi wake. Pafupifupi mlendo aliyense amafuna kutengerako abale kunyumba. Lamulo la EU sililola munthu kulowetsa nyama, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku zimenezi kuchokera ku Montenegro, ngakhale zitakulungidwa bwino m'pulasitiki ya kufakitale. Akazipeza amalanda, ndipo akhoza kukulipiritsani. Idyani komweko mpaka mukhute, kunyumba mutengere mafuta a olivi a ku Bar ndi nkhuyu zouma.

Amene mumayenda ndi galu kapena mphaka, nkhani yanu imayamba miyezi iwiri ulendo usanafike, ngakhale mavuto ake amaonekera pobwerera. Chiweto chiyenera kukhala ndi kachipangizo kozindikiritsa pansi pa khungu, pasipoti ya ziweto ya EU ndi katemera wa chiwewe. Izi n'zokwanira potuluka. Koma Montenegro sili pa mndandanda wa mayiko amene EU imawakhulupirira pa nkhani ya chiwewe, choncho kuti galu aloledwe kubwerera pamafunika zotsatira za kuyeza magazi zoonetsa kuti katemera anagwira. Magazi amatengedwa patatha masiku osachepera 30 chibayireni katemera, amayezedwa ku labotale yovomerezeka, ndipo dokotala wa ziweto amalemba zotsatirazo m'pasipoti ya galuyo musanatuluke mu EU. Mukanyamuka osachita zimenezi, kuyezako kumachitikira kunja, ndipo galu amayenera kudikira miyezi itatu kuchokera tsiku lotenga magazi asanaloledwe kulowa. Pitani kwa dokotala wa ziweto mu Epulo ngati ulendo uli mu Julayi.